Lipoti: bulugamu wa padzala la mabatire ku Nkhotakota ndi bowa wa kumizu kwake

Malo ndi dandaulo

Komiti yoona zachilengedwe ya mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa M5, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, inabzala bulugamu pa theka la ekala kuseri kwa msika. Pakati pa malowa pali dzala lakale. Kwa zaka zambiri anthu okonza mabatire a galimoto ndi a sola ankakhuthulirapo asidi ndi kutayapo mapuleti akutha. Ankawotcherapo mawaya pofuna kopa, ndipo msika wonse unkatayapo mabatire a tochi ndi a wailesi pamodzi ndi zidutswa za malata. Dothi lake ndi lamchenga, lakuda ndi phulusa, ndipo mvula ikagwa madzi amatsetsereka kulowera m'kankhalango ka misuku ndi mombo komwe amayi amazula bowa wa manyame.

Mbande za kunja kwa dzala zinakula bwinobwino. Za padzala zambiri zinapinimbira, masamba anthete anachita chikasu pakati pa mitsempha, kenako zinauma. Koma zina zochepa, pa dothi lomwelo, zinaima zobiriwira. Mvula itakhazikika, pafupi ndi mitengo yopulumukayo panatuluka zibulunga zofiirira zooneka ngati ndowe zouma. A komiti anafunsa ngati bowa ameneyu ndiye akupha mitengo, ndipo ngati sakupha, ngati n'zotheka kumufalitsa. Amayi anawonjezera funso lawo: manyame a kumunsi aja ndi ndiwo kapena ndi poizoni?

Zomwe zinaoneka pokumba

Chibulunga chanthete chikang'ambidwa pakati, m'kati mumaoneka tizipinda tambiri ngati njere za mapira zothinana, ndipo zala zimada ndi utoto wonga phula. Chokhwima chimayamba kufumbutuka pamwamba n'kukhala fumbi lofiirira. Ameneyu ndi Pisolithus, bowa woyenda ndi bulugamu m'malo ambiri kumene mtengowu wafika.

Mizu inakumbidwa mosamala ndi dothi lake, n'kuviikidwa m'beseni kuti dothi lichoke lokha popanda kutikita. Pa mitengo yobiriwira, nsonga za timizu zinali zonenepa, zopanda ubweya, zovala chofunda chachikasu chagolide, ndipo timaulusi tachikasu tinkachoka pamenepo kulowa mumchenga. Pa mitengo yodwala nsonga zinali zakuda, zowonda, zamaliseche. Chofunda chimenechi ndi bowa yemwe uja. Amakuta nsonga ya muzu, amalowa m'mipata ya pakati pa maselo akunja osawaboola, n'kumapatsa mtengo madzi, fosifolasi ndi nayitrojeni posinthana ndi shuga. Mitengo ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku imakhala moteremu ndi bowa wake, n'chifukwa chake manyame ndi ndelema sizimera pamunda wachimanga. Choncho funso loyamba linayankhidwa m'beseni momwemo: bowa sakupha mitengo.

Panapezekanso mfundo ina imene ikusokoneza kumasulira kwa zonsezi. Mbande zopulumuka zinachokera ku nazale imene inadzaza machubu ndi dothi la pansi pa bulugamu wakale, pomwe zinazo zinakulira m'dothi la kudambo. Zina zinabwera ndi bowa, zina zinabwera zopanda.

Dothi

Dothi linatengedwa kuyambira pamwamba kufika masentimita 20, padzala, m'njira ya madzi, m'kankhalango, ndi pamalo oyera akutali oyerekezera. Chotengera chikhale chapulasitiki kapena chachitsulo chosachita dzimbiri. Chidebe cha malata chimathira zinki yake m'dothi n'kunamiza labotale. Dothi liume pamthunzi, lisefedwe ndi sefa ya nayiloni ya mamilimita 2.

Kupempha labotale kuti ingoyeza chitsulo chonse, monga zinki, mtovu (lead) ndi kopa, chimene chili m'dothi n'kusiya mfundo panjira. Muzu ndi bowa zimakumana ndi chitsulo chosungunuka basi. Chimenecho chimapezeka pokhutchumula magalamu 10 a dothi m'mamililita 100 a calcium chloride wa 0.01 M (M ndi muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi) kwa maola awiri, kusefa, n'kuyeza madziwo. Padzala, zinki yosungunuka inali pamwamba kwambiri kuyerekeza ndi pamalo oyera, mtovu unali wochuluka m'dothi lapamwamba, kopa anali wamawangamawanga potsata powotchera mawaya. Dothi linalinso lowawasa kuposa lozungulira, ndipo asidiyo ndiye akukulitsa vuto, pakuti pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) ikatsika, zinki ndi cadmium, chitsulo china chapoizoni, zimamasuka. Mchenga wa kunyanja ulibe dongo kapena manyowa okwanira kuzigwira.

Majini

Pamsonkhano wa m'mudzi kuno kunyanja mawu akuti majini amafuna kusamala, chifukwa ena amamva ziwanda. Pano tikunena tizigawo ta DNA tonyamula malangizo a chibadwa, ndipo jini iliyonse ndi malangizo opangira puloteni inayake.

Zambiri zodziwika pa nkhaniyi zinachokera ku Belgium. Ku Lommel kunali fakitale yosungunula zinki kuyambira 1904 mpaka 1974, ndipo inasiya mchenga wodzaza zinki ndi cadmium pomwe zomera zambiri zinakana. Paini atayamba kumerapo, anabwera ndi bowa wa kumizu wotchedwa Suillus luteus. Jan Colpaert ndi anzake a ku yunivesite ya Hasselt anapeza kuti bowa wambiri wotengedwa pafupi ndi mafakitale otere amakula pa zinki imene imaimitsa bowa wa mtundu womwewo wochokera m'nkhalango zoyera. Chodabwitsa n'chakuti wopirirayo sanali kumeza chitsulo chambiri. M'thupi mwake munali zinki yochepa kuposa mwa wosapirira. Luso lake lalikulu n'kusachilola kudzadza m'selo.

Zinki si mdani weniweni. Selo iliyonse imaifuna pang'ono, monganso kopa, ndiye ili ndi makomo oilowetsera. Mwa Suillus luteus limodzi mwa makomowa limapangidwa ndi jini ya SlZRT1, ya m'banja la ZIP. Zinki ikasowa jiniyi imagwira ntchito mwamphamvu, ikachuluka imatsika msanga. Tsoka lake n'lakuti makomo otere sasiyanitsa bwino zinki ndi cadmium, amene selo ilibe naye ntchito, ndiye amalowa ngati mlendo wotsatira mwini nyumba.

Zinki yolowa kale imakatsekeredwa munkhokwe. Selo ya bowa ili ndi thumba lotchedwa vacuole, ndipo pakhoma pake pali mapampu a m'banja la CDF. SlZnT1 ndi imodzi mwa majini opanga mapampu otere. Mwa bowa wina, Hebeloma cylindrosporum, muli inzake, HcZnT1, imene imalonga zinki m'timatumba tina ta m'kati mwa selo. Kopa ndi cadmium zimamangidwa m'njira ina. Pali timapuloteni tatifupi todzaza cysteine, chomangira puloteni chokhala ndi safa (sulfur), totchedwa metallothionein, timene safa wake amagwira chitsulo ngati ulimbo. Bowa wa Paxillus involutus ali ndi PiMT1, Hebeloma ali ndi HcMT1 ndi HcMT2, ndipo Laccaria bicolor, woyamba mwa bowa wa kumizu wotere kuwerengedwa DNA yonse mu 2008, ali ndi LbMT1 ndi LbMT2. Glutathione, chinthu china choteteza selo, amagwiranso cadmium n'kumuperekeza ku vacuole. Chitsulo chopulumuka zonsezi chimabala tizinthu ta okosijeni towononga selo, ndipo apo mpamene mapuloteni oteteza monga superoxide dismutase amalowererapo.

Mmene amatsimikizira ntchito ya jini n'zofunika kuzimvetsa. Amatenga yisiti imene achotsa dala jini yake yotetezera, monga zrc1 ndi cot1 pa zinki, cup1 pa kopa, kapena ycf1 pa cadmium. Yisiti yotere imafa pa chitsulo chochepa. Akaikamo jini ya bowa n'kuona kuti yayambanso kukula, ndiye kuti jiniyo imagwiradi ntchitoyo. Umboniwu umanena zimene jini ingathe. Sunena kuti jiniyo ndiyo yasiyanitsa bowa wa padzala ndi wa kutchire.

Za Pisolithus weniweniyo zilipo ziwiri zogwirika. Ku New Caledonia, pa dothi lobadwa ndi nikelo wambiri, Pisolithus albus anapezeka wopirira ndi wosapirira pa dothi la mtundu umodzi, ndipo wopirirayo ankayatsa kwambiri majini a mapampu otulutsa chitsulo kunja, a magulu a P-type ATPase, ABC ndi MFS. Ku India kunafotokozedwa metallothionein yake, PaMT1, imene imadzuka ndi kopa ndi cadmium.

Apa mpamene anthu ambiri amaphonya. Majini onsewa amapezeka mwa bowa wopirira ndi wosapirira yemwe. Kutumiza bowa wa padzala ku labotale kuti akaone ndi PCR, njira yofufuzira jini mu DNA, ngati muli jini ya metallothionein n'kutaya ndalama, chifukwa yankho lidzakhala inde ngakhale kwa bowa wa kuseri kwa tchalitchi. Kafukufuku wa mu 2020 wa Anna Bazzicalupo ndi anzake anawerenga DNA yonse ya Suillus luteus wa m'malo oipitsidwa ndi oyera a ku Belgium kuja. Sanapeze mafuko awiri osiyana kapena jini imodzi yamatsenga. Anapeza kusiyana kwa zilembo apa ndi apo m'majini ambiri, makamaka a mapampu, ndiponso kusiyana kwa chiwerengero cha makope a majini ena. Kupirira kuli mwa bowa payekhapayekha, osati m'dzina la mtundu, ndipo wopirira zinki sikuti wapiriranso kopa. Njira yotsika mtengo yodziwira ndi kumuyesa pomulima m'mbale za ku labotale.

Kuyesa m'mbale

Zibulunga zinatengedwa padzala ndi pa bulugamu wa pamalo oyera makilomita angapo kuchokera pamsikapo. Zibulunga zoyandikana mamita ochepa zikhoza kukhala thupi limodzi la pansi pa nthaka, choncho zisanu za pamzere umodzi siziwerengedwa ngati bowa asanu. Chokhwima n'chachabe pa ntchitoyi. Chofunika n'chanthete, cholimba. Chipukutidwe ndi spiriti wa 70 peresenti, chithyoledwe ndi manja, osadula ndi mpeni umene ungakokere zonyansa m'kati, ndipo kachidutswa ka m'tizipinda tapansi kasamutsidwe ndi lezala wowotcha.

Chakudya choyambira cholimira bowa m'mbale chimatchedwa MMN. Pa lita imodzi: magalamu 10 a glucose, 3 a malt extract, 0.5 a KH2PO4, 0.25 a (NH4)2HPO4, 0.15 a MgSO4·7H2O, 0.05 a CaCl2, 0.025 a NaCl, mamililita 1.2 a FeCl3 wa 1 peresenti, ma microgram 100 a thiamine, ndi magalamu 15 a agar, wolimbitsa chakudyacho, pH cha m'ma 5.5. Pophera tizilombo m'chakudyacho, mphika wa pulesha umakwana: madigiri 121 kwa mphindi 20. Pisolithus amakonda kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30, ndiye nyengo ya kunyanja imamuyanja, kupatula m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala pamene chipinda cha malata chimapitirira pamenepo. Ulusi wake ndi wachikasu chofiirira ndipo umadetsa agar. Chilichonse chobiriwira chodzaza mbale m'masiku atatu ndi nkhungu ya Trichoderma, ndipo mbaleyo itayidwe isanatsegulidwe.

Asanayesedwe, bowa aliyense anasamutsidwa katatu pa chakudya chopanda chitsulo chowonjezera. Sitepe imeneyi anthu amaidumpha chifukwa imadya miyezi iwiri, koma popanda iyo simungasiyanitse kupirira kwa chibadwa ndi kuzolowera kwa kanthawi.

Zinki inakonzedwa posungunula magalamu 28.75 a ZnSO4·7H2O m'madzi otchezedwa (distilled) kufika mamililita 100, zomwe zimapereka 1 M. Mililita imodzi pa lita ya chakudya imapereka 1 mM, amene ndi mamiligalamu 65 a zinki. Milingo inali 0, 1, 3, 6 ndi 12 mM, mbale zitatu pa mlingo uliwonse.

Ulendo woyamba unalephereka, ndipo chifukwa chake n'chophunzitsa. Zinki inathiridwa mu MMN asanaphikidwe, agar anatuluka wa mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ndipo bowa onse anakula mpaka pa mlingo wapamwamba. Mbuuyo inali zinc phosphate. Chitsulo chinali chitakhala pansi, bowa osakumana nacho. Pa ulendo wachiwiri malt extract anachotsedwa poti amagwira zitsulo, fosifeti anachepetsedwa, pH inatsitsidwa kufika 4.8, ndipo zinki yosefedwa pa sefa ya 0.22 micron inathiridwa agar atazizira kufika pogwirika ndi dzanja. Pa pH yotsika agar amavuta kulimba akaphikidwa nthawi yaitali, choncho mphindi zisapitirire.

Kuyeza kukula ndi rula kokha kumanamiza. Bowa wovutika ndi chitsulo nthawi zina amatambasuka koma wopyapyala ngati ukonde wa kangaude. Pamwamba pa agar panayalidwa cellophane weniweni wowiritsidwa kawiri, osati jumbo imene silola chakudya kudutsa. Kachidutswa ka mamilimita 5 kanaikidwa pakati, ndipo patatha milungu itatu ulusi unapalidwa, kuumitsidwa pa madigiri 60 mpaka kulemera kutasiya kusintha, n'kuyezedwa pa sikelo yowerenga mamiligalamu. Chofunika ndi mlingo umene umadula kulemera ndi theka poyerekeza ndi mbale ya ziro ya bowa yemweyo.

Mtovu sunayesedwe m'mbale. Umakhala pansi ukakumana ndi fosifeti kapena sulphate, ndipo zonsezi zili m'chakudyamo. Komanso gawo lalikulu la mtovu limamatirira pakhoma la selo ndi pa utoto wa bowa osalowa m'kati, ndiye nkhani ya mapampu ija siyankha zambiri pa iwo.

Zotsatira ndi kulemera kwake

Ambiri mwa bowa wa padzala anapitiriza kukula pa milingo ya pakati pomwe a pamalo oyera anali atangoima pa kachidutswa koyambira. Koma mmodzi wa padzala anagwa msanga ngati a kunja, ndipo mmodzi wa pamalo oyera analimbako kuposa anzake. Zimenezi zikufanana ndi za ku Belgium ndi New Caledonia. Dothi la padzala ndi lamawanga, ndipo bowa wofooka akhoza kubisala pa kachigawo kopanda chitsulo.

Zotsatirazi sizikutsimikiza kuti bowa anasinthira padzalapo. Poti anabwera m'machubu, n'kutheka kuti dzala langosefa opirira mwa amene anabwera. Sizikutsimikizanso kuti kupirira zinki ndiko kwapulumutsa mitengo. Mbande yokhala ndi bowa aliyense imapeza fosifolasi ndi madzi kuposa yamaliseche, ndipo pa mchenga wosauka chonchi zimenezo pazokha zimaoneka. Chimene chingalekanitse ziwirizi ndi kuyesa mbande m'miphika: mbande zopanda bowa, zokhala ndi wofooka, ndi zokhala ndi wopirira, gulu lililonse m'dothi loyera ndi m'dothi la padzala. Ku Belgium, pa paini, bowa wopirira ndiye ankateteza mbande bwino pa chitsulo chochuluka. Pa bulugamu wathuyu ziyenera kuonekera m'miphika.

Za ndiwo

Yankho kwa amayi silinadikire majini. Kupirira ndi kusunga chitsulo ndi zinthu ziwiri, ndipo bowa wina amapirira mwa kusunga kumene. Amanita strobiliformis wa ku Ulaya amaunjika siliva womangidwa pa metallothionein, ndipo pali Russula wosunga zinki wambiri m'njira yofananayo, onse athanzi lawo. Bowa wonenepa pamalo oipa si umboni wakuti ndi wabwino. Manyame ndi abale ake savomera msanga kukula m'mbale, choncho amayezedwa iwo eni: kutsuka ndi madzi oyera, kuumitsa, kusinja mumtondo wosakhala wachitsulo, kutumiza ku labotale.

Powerenga zotsatira pali msampha. Malire a European Union a bowa wakutchire ndi mamiligalamu 0.80 a mtovu ndi 0.50 a cadmium pa kilogalamu ya bowa wamuwisi. Labotale imapereka za wouma, ndipo poti bowa wamuwisi ndi madzi pafupifupi 90 peresenti, nambalayo igawidwe ndi 10 musanayerekeze. Zikutanthauzanso kuti bowa wofutsa wa m'chikwatu ali ndi chitsulo chochuluka pafupifupi kakhumi pa kulemera komweko. Kufutsa kumachotsako pang'ono m'madzi otayidwawo koma sikuyeretsa. Pa mtovu, oopsezedwa kwambiri ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, ndipo mchenga womatirira pa tsinde la bowa ukhoza kunyamula wambiri kuposa bowayo. Komiti inalangizidwa kuletsa kuzula m'njira yonse ya madzi ochokera padzala kufikira zotsatira zitabwera. Kumtunda kwa dzala kulibe chifukwa choletsera.

Zimene zinalangizidwa

Bowa sayeretsa dothi. Chitsulo sichiwola. Phindu lake n'lakuti mtengo uime, mizu igwire mchenga, masamba ophimba achepetse fumbi ndi kukokoloka.

Zidutswa za mabatire zitoledwe ndi magolovesi, ana asayandikire. Laimu wa kumunda athiridwe pang'onopang'ono, kuyeza pH pakatha mvula, cholinga chili cha m'ma 6. Kupitirira apo bowa ndi bulugamu zomwe zimayamba kuvutika. Manyowa owola bwino ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda zichitike mbande zisanabzalidwe.

Dothi la padzala lisapite ku nazale ngati mbewu ya bowa, chifukwa lipita ndi mtovu. Fumbi la zibulunga zokhwima, limene ndi njere za bowayo, ndi losavuta: supuni yaing'ono imodzi m'malita 10 a madzi ndi kadontho ka sopo kuti lisayandame, kuthirira mbande za milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Koma fumbi ndi ana, osati kholo, ndipo poti kupirira kwamwazikana m'majini ambiri, ana ena adzakhala ofooka. Ulusi wolimidwa kuchokera m'mbale ndiwo umasunga chibadwa cha bowa woyesedwayo, ngakhale umafuna labotale.

Ku nazale, fosifeti wambiri amachititsa mbande kukana bowa. Feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn ali ndi zinki, choncho asalowe m'miphika yoyesera. Mankhwala a chuku nawonso ayi: mancozeb ali ndi zinki ndi manganizi, copper oxychloride ndi kopa, ndipo onse amapweteka bowa amene tikumufunayo.

Mitengo ya padzala ikakula ikhale ya milimo ndi phaso. Ikawotchedwa chitsulo cha m'makungwa ndi m'masamba chimatsalira m'phulusa, ndipo phulusalo lisathiridwe kudimba kapena kutchezedwa chidulo cha therere.

Tizidutswa ta bowa aliyense tasungidwa mu silica gel, mankhwala oumitsa, kuti ITS yake, kachigawo ka DNA kozindikirira mtundu wa bowa, ikawerengedwe, tidziwe ngati ndi Pisolithus albus, microcarpus kapena wina. Kuyeza mphamvu ya majini a mapampu kumafuna RNA, uthenga umene jini imatumiza ikamagwira ntchito, ndipo RNA imawonongeka m'mphindi zochepa popanda nayitrojeni wamadzi kapena mankhwala oisunga, ndipo pamalo pomwe magetsi amazimazima sikoyenera kukuyamba miphika isanayankhe. Miphikayo idzawerengedwa mbande zikakwanitsa miyezi inayi: kutalika, kulemera kouma, gawo la nsonga zovala chachikasu, ndi zinki ya m'masamba.